Chenjezo kwa inu omanga ndege panokha: mawaya a ku injini si a minibasi

Ana anga, ndiloleni ndikalipe pang'ono. Loweruka lapitali, pa kabwalo kena ka ndege kunja kwa Johannesburg, mnyamata wina anandiitana kuti ndidzaone ndege yomwe wamanga yekha, ya anthu awiri, ya mtundu wa Van's RV, injini yake Lycoming. Utoto waliwali. Atatsegula chivundikiro cha injini, ndinagwira pakamwa. Waya wagalimoto, wogula kogulitsa masipeyala, wam'mangirira ndi tizingwe tapulasitiki pa paipi ya mafuta. Wina akulendewera chala chimodzi kuchoka pa ekizozi. Iye ati, "Koma madala, yalira kale bwinobwino."

Kulira pansi n'chiyani? Utsi wodutsa mu ekizozi umatentha kupitirira madigiri 700. Pulasitiki wa waya wagalimoto amasungunuka msanga, ndipo utsi wake umakutsamwitsa uli m'mwamba, kopanda koimika n'kutsika. Waya wa ndege, wokutidwa ndi pulasitiki wapadera wotchedwa Tefzel, amapirira mpaka madigiri 150, koma nayenso safuna kuyandikira ekizozi.

Chimene achinyamata simuchimva ndi ichi: injini imakhala pa malabala, ndipo imagwedezeka, makamaka poilizitsa ndi poizimitsa. Waya wochoka pa injini kupita ku thupi la ndege mukamukoka kuti akhale njo, adzaduka. Mukamusiya wolendewera, adzakhuzika pa chitsulo mpaka mkuwa kuonekera. Msiyireni mpata wopumira, kenako mum'gwirize ndi makilampu okhala ndi labala. Tizingwe tapulasitiki tija, mchenga ndi oilo zikalowa pansi pake, timadya ngakhale chitsulo chonyamula injini. Malangizo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, amati waya atalikirane ndi paipi ya mafuta ndi mainchesi 6 ngati n'kotheka, ndipo adutse pamwamba pake, kuti mafuta akadontha asagwere pa waya. Pobowola khoma lotchinga moto, la pakati pa injini ndi pokhala anthu, ikani gromiti (kamphete kotchinjiriza waya pabowo), mpatawo mutseke ndi zinthu zosapsa.

Musaiwalenso kawaya kozimitsira magineto, chida chopereka moto ku mapulagi a injini. Kakaduka, injini imatha kulira kiyi ali wozima, munthu akangotembenuza pulopela ndi dzanja.

Mumati ndi ukalamba? Pa 2 September 1998 ndege ya Swissair 111 inagwera m'nyanja pafupi ndi Nova Scotia ku Canada, anthu onse 229 n'kufa. Ofufuza anapeza kuti moto uyenera kuti unayamba pamene mawaya anathetheka m'denga, kutsogolo kwa ndegeyo. Imeneyo inali ndege ya akatswiri a fakitale, osati ya m'garaja.

Mnyamata uja anafuna kuti ndikwere naye. Ndinakana. Ndinangodula kazingwe kamodzi, n'kutembenuza waya wa sitata kuti aone yekha: pulasitiki anali ataperepeseka kale, pomwe ndegeyo inali isananyamukepo ndi kamodzi komwe. Anakhala chete, kenako anapita kukatenga pulayazi.