Chindapusa amalipira ndi kholo, nanga mwana waphunzirapo chiyani?

Makolo anzanga amene tikulera ana kuno ku America, nkhani iyi imandisowetsa tulo. Mwana amatenga laisensi yoyendetsera galimoto ali ndi zaka 16 m'zigawo zambiri, pomwe mowa saloledwa kugula mpaka atakwana 21, malinga ndi lamulo la 1984. Zaka zisanu zapakatizo ndiye pagona ngozi. M'zigawo zambiri wamkulu woyendetsa galimoto amamangidwa mowa ukafika 0.08 peresenti m'magazi, koma wosakwana 21 ngakhale 0.02 yokha wapalamula kale. Botolo limodzi likhoza kumufikitsa pamenepo.

Mwana akagwidwa, ambirife timathamangira kwa loya, kulipira chindapusa, nkhani ithe anthu asanamve. Ndalamazo zachoka m'thumba la bambo, mwanayo sizinamukhudze.

Ine ndimagwirizana ndi makhoti a achinyamata, aja amati teen court. Wogwidwa ndi mowa koyamba amavomera kulakwa, kenako amaima pamaso pa anzake amsinkhu wake, ndipo iwowo ndi amene amagamula chilango: kugwira ntchito yothandiza m'dera, kulemba kalata yopepesa, nthawi zambiri kubweranso kudzakhala nawo pagulu loweruza mnzake wina. Akamaliza zonse mlandu sumutsatira. Mwana wa zaka 16 akhoza kunyozera mawu a jaji wa imvi, koma kufunsidwa ndi mtsikana wa sukulu ngati yake kuti anaganiza chiyani ponyamula anzake atamwa, zimenezo zimalowa mpaka m'mafupa.

Makhoti ena amatumiza olakwa kukamvetsera anamfedwa pa misonkhano ya bungwe la MADD, lolimbana ndi mchitidwe woyendetsa galimoto munthu ataledzera. Bungweli analiyambitsa ndi Candy Lightner mu 1980, mwana wake Cari, wa zaka 13, atagundidwa ndi dalaivala woledzera ku California. Kukhala chete n'kumamva mayi akufotokoza usiku umene apolisi anagogoda pakhomo pake, palibe chindapusa chofanana nazo.

Pamene ndimakayika ndi poopseza ana. Ku California jaji akhoza kulamula wachinyamata kukaona ovulala kuchipatala ndi mitembo kumotchale. Mantha sachedwa kutha. Pulogalamu ya Scared Straight, yotengera ana kundende kuti akaidi akawaopseze, ofufuza anapeza kuti imawonjezera khalidwe loipa m'malo molichepetsa.

Wanga atati wagwidwa mawa, Mulungu aletse, makiyi ndilanda, ndipo tsiku la khoti ndipempha tchuthi kuntchito, ndikakhale pa benchi yakumbuyo ndikumva anzake akumufunsa mafunso.