Malume ndi samusa wa pa M48

Chikondi amakhala ku Bristol. Malume ake abwera kudzacheza kuchokera ku Lilongwe, ndipo lero akupita ku Chepstow, tsidya lina la mtsinje wa Severn, kudzera pa mlatho wa pa msewu waukulu wa M48. Kunja mphepo ikuwomba ngati yalipidwa.

MALUME: Iwe, bwanji wakhota? Mlatho si uwo tikuuwona apo?

CHIKONDI: Atseka, malume. Kwachuluka mphepo.

MALUME: Wagwa?

CHIKONDI: Ayi, ulipo.

MALUME: Madzi asefukira?

CHIKONDI: Ayi. Mphepo basi.

MALUME: Mlatho wathunthu, wachitsulo, kuutseka chifukwa cha mphepo? Ine ndinawolotsa basi ya anthu pa Kamuzu Bridge ku Chikwawa, Shire atakwiya, mvuu zikundiyang'ana m'maso.

CHIKONDI: Uwu ndi wa 1966, malume, wolendewera pa zingwe, ulibe zotchinga mphepo. Ikawomba kwambiri imatha kugwetsa lole. Tidzera pa msewu wa M4, pa mlatho wa Prince of Wales. Umenewo ndi wa 1996, anauikira zotchinga m'mbali.

MALUME: Wa 1966? Ndine wamkulu kwa iwo, koma sanditseka kukachita mphepo.

CHIKONDI: Inu mungondiyang'anira zikwangwani. Paja tadutsa chachikulu chachikasu chija, chinali ndi chizindikiro chanji?

MALUME: Samusa.

CHIKONDI: Chiyani?

MALUME: Samusa wakuda. Makona atatu. Ndimati akutsatsa malonda amwenye.

CHIKONDI: Chimenecho ndiye chotitsogolera. Kuno msewu waukulu ukatsekedwa, amakuuzani kuti tsatirani chizindikiro chakuti. Mukachiona pa chikwangwani chilichonse, mukhotere komweko mpaka chikubwezereni pa msewu wanu.

MALUME: Osangolemba dzina la kumene tikupita bwanji?

CHIKONDI: Anthu apamsewu sapita kumodzi. Wina Cardiff, wina Newport, ife Chepstow. Komanso madalaivala a malole ena achokera ku Poland, ena ku Romania, Chingelezi n'chapatali. Chithunzi aliyense amachimva.

MALUME: Ndiye dziko lonse la Mfumu Charles likuyendera samusa.

CHIKONDI: Zilipo zinayi: cha makona atatu, cha makona anayi, chozungulira, ndi dayamondi ngati wa pa makadi. Chilichonse chili pawiri, china chodetsedwa mkati monse, china chongojambula m'mphepete. Zonse pamodzi 8. Ndiye wanuyo anali wotani, wodzaza kapena wam'mphepete?

MALUME: Pali kusiyana?

CHIKONDI: Kwakukulu. Njira ziwiri zikhoza kukumana pa raundabauti imodzi. Mukasokoneza mukatulukira kwina.

MALUME: Ndiye kuti pali samusa wa nyama ndi samusa wa mphepo.

CHIKONDI: Chabwino, tinene choncho. Munaona uti?

MALUME: Mphwanga, magalasi ndinawasiya ku Area 25, pamwamba pa wailesi.

CHIKONDI: Malume! Nanga munadziwa bwanji kuti ndi wa makona atatu?

MALUME: Njala.

Foni ya Chikondi yayamba kulankhula, ikuti abwerere.

MALUME: Mayiyu akuti chiyani?

CHIKONDI: Akuti titembenuke, tidzere pa mlatho wotseka uja.

MALUME: Iwe amene ukumulipira intaneti mwezi ndi mwezi, akufuna akakuponye m'madzi? Muzimitse. Kwathu msewu ukaduka timaika nthambi pa tala, ndipo pamakhala mnyamata woloza njira. Umam'patsa kangachepe, nkhani yatha. Nthambi sinanamizepo munthu.

CHIKONDI: Njira zimenezi amazikonzeratu, malume. A National Highways, oyang'anira misewu ikuluikulu, amagwirizana ndi makhonsolo ndi apolisi, kuti malole asakakakamire pansi pa milatho yaifupi kapena m'tinjira ta m'midzi. N'chifukwa chake tizizindikiroti timakhala pa zikwangwani chaka chonse, ngakhale msewu uli wotsegula.

MALUME: Ndinationa pochokera ku eyapoti. Ndimati ndi zizindikiro za zipani.

Awoloka mlatho wa Prince of Wales. Malume akupapasa m'thumba.

MALUME: Pa geti tilipira zingati?

CHIKONDI: Anasiya kulipiritsa mu Disembala 2018.

MALUME: Mlatho wautali chonchi, waulere? Ife pa Chingeni timalipira, kenako n'kugwera m'dzenje chiphaso chili m'manja.

CHIKONDI: Taonani, chikwangwani cha Chepstow kulibe mbali ino. Tiyenera kupitirira mpaka ku Magor, tikatembenuke, tibwerere.

MALUME: Usavutike. Ukuiona lole yoyera iyo? Itsatire. Dalaivala wa lole sasochera. Ine ndayendetsa zaka zambiri, laisensi yanga ndi ya nthawi ya Kamuzu.

CHIKONDI: Koma chizindikiro…

MALUME: Chizindikiro ndi loleyo. Wayatsa indiketa, nawe yatsa.

Atsatira. Lole yatuluka pa msewu waukulu, yazungulira raundabauti, yalowa pamalo opumulira apaulendo n'kuima. Dalaivala watsika akuthamanga, dzanja lili pa lamba.

CHIKONDI: Mwaona? Munthuyu amathamangira kuchimbudzi! Mwatisocheretsa!

MALUME: Ndani wasochera? Ndinamuona kalekale mmene amayendetsera, ndinadziwa kuti vuto lathu ndi limodzi. Tsegula chitseko msanga, tiyi wa akazi ako uja anali wambiri.

CHIKONDI: Nanga Chepstow?

MALUME: Chepstow ali ndi makona angati? Adikire.