Mankhwala osakaniza a nyamakazi: za ku Joni, ku Zambia, ku Tanzania ndi za kwathu kuno

Mayi akayamba kudandaula mawondo, ana amene ali kunja sachedwa kutumiza mankhwala. Wa ku Joni amapatsira dalaivala wa basi kabokosi ka Myprodol ndi timapepala ta Grand-Pa. Wa ku Chipata amabwera ndi Brustan, amene amakaoda katundu ku Mbeya amafika ndi Diclopar. Onsewa ndi mankhwala osakaniza, mbulu umodzi koma mkati muli mankhwala awiri kapena atatu, ndipo onse amafika ndi mbiri yoti ndi amphamvu kuposa Panado (paracetamol) wa kuchipatala. Mbiri imeneyi ikundidetsa nkhawa, chifukwa imene ili pachiswe ndi mimba ndi impso za makolo athu.

Nyamakazi ili mitundumitundu. Pano ndikunena imene madokotala amati osteoarthritis, pamene kamnofu kolimba koterera kokuta kumapeto kwa mafupa kaperepeseka, mafupa n'kumakhulana. Bondo limauma m'mawa, limabaya podzuka pamkeka kapena potsika chitunda ndi ndowa pamutu. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo 60 mwa 100 alionse anali akazi. Kamnofu kaja kakatha sikameranso. Choncho munthu samwa mankhwala masiku atatu ngati wodwala mutu, amamwa zaka, pomwe mankhwala ambiri osakanizawa anapangidwira ululu wa masiku ochepa.

Ku South Africa kuli dongosolo limene ndimalisirira. Mankhwala anawaika m'magulu, kuyambira Schedule 0 kukwera m'mwamba, ndipo bungwe la SAHPRA ndilo limayang'anira. A gulu la 0 mumawapeza ngakhale pa spaza, timagolosale ta m'makwalala. Okhala ndi codeine, monga Myprodol, sakhala pashelefu poti aliyense atole. Muyenera kufika pakauntala, wa famase akufunseni mafunso, alembe dzina lanu, akupatseni a masiku owerengeka. Mibulu ina ya ululu yotchedwa Stilpane ndiye sangakupatseni popanda kalata ya dokotala. Koma dziko lomweli ndi limene linazolowera kwambiri kusakaniza. Kapisozi mmodzi wa Myprodol muli ibuprofen 200 mg, paracetamol 250 mg ndi codeine 10 mg. Codeine ndi m'bale wake wa morphine. Amadzimbitsa, amabweretsa tulo ndi chizungulire, ndipo womwa tsiku ndi tsiku amayamba kumumvera chibaba. Gogo wa mawondo ofooka kale akamayenda ndi chizungulire popita kuchimbudzi usiku, kugwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno sikukhala patali. Nawo ufa wa Grand-Pa, uja mumafunyulula kapepala n'kuthira palilime, muli aspirin pafupifupi 450 mg, paracetamol ndi caffeine. Aspirin wochuluka choncho pamimba yopanda kanthu amakanda mpaka kutulutsa magazi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kabokosi kakawoloka Mwanza kapena Dedza, mafunso onse a wa famase uja amatsalira ku Johannesburg. Kumudzi kumangofika mibulu ndi uthenga wa pa WhatsApp woti muzimwa mukamva kupweteka.

Ku Zambia ndi ku Tanzania zosakaniza zotchuka zilibe codeine. Brustan ndi ibuprofen 400 mg ndi paracetamol 325 mg, Diclopar ndi diclofenac ndi paracetamol. Vuto lake si chibaba, ndi kumwa mankhwala omwewo kawiri osadziwa. Chabwino chimene mayiko awiriwa anachita ndi kufikitsa sitolo yovomerezeka kufupi ndi anthu. A ku Tanzania anayamba mu 2003 m'chigawo cha Ruvuma, tsidya lija la nyanja, ndi timasitolo totchedwa duka la dawa muhimu. Wogulitsa amaphunzitsidwa, sitolo imalembetsedwa, ndipo pali mndandanda wa mankhwala amene akuloledwa kusunga. Ku Zambia lamulo la 2013 limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA linatsegulanso njira ya ma health shop kumadera kumene kulibe famase. Sindikunena kuti wogulitsa aliyense kumeneko amafunsa zonse zoyenera. Komabe munthu wophunzitsidwa, wokhala ndi chiphaso chimene angalandidwe, ndi wosiyana kutali ndi mnyamata woyala mapiritsi padzuwa pa tsiku la msika.

Kwathu kuno chipatala cha boma chimapereka mankhwala amodziamodzi, ulere. Paracetamol m'kapulasitiki kake, Brufen (ibuprofen) m'kake, kunja atalemba nthawi yomwera, ndipo zonse zalembedwa m'buku la kuchipatala. Ambiri amaiderera njira imeneyi, koma ine ndikuona kuti pa nyamakazi ndiyo yanzeru. Mayi akayamba kumva chilungulira, adokotala amachotsa Brufen n'kusiya enawo. Magazi akayamba kuthamanga, amachepetsa mmodzi osakhudza mnzake. Mbulu wosakaniza sungagawidwe choncho. Pogona vuto m'pakuti mankhwala akatha kuchipatala wodwala amauzidwa kuti akagule, ndipo masitolo ovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ochuluka ali m'mizinda ndi m'maboma. Wa kumudzi amathera pamsika, kumene amagula Indocid wosadziwika tsiku lothera mphamvu, nthawi zina wophatikizidwa ndi prednisolone kapena dexamethasone. Awiri omalizawa amaziziritsa bondo msanga, munthu n'kuyamikira, koma akamwedwa miyezi amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi kufewetsa mafupa.

Tangoganizani tsiku limodzi la mayi amene ana awo onse amawakonda. M'mawa amwa Brufen ndi Panado za kuchipatala, masana Myprodol, akuweruka kumunda Diclopar, pogona Grand-Pa. Iwo akuona ngati amwa mitundu isanu yosiyana. Kunena zoona amwa paracetamol kanayi, ndipo ibuprofen, diclofenac ndi aspirin onse ndi a banja limodzi limene siliyenera kuphatikizidwa. Malire a paracetamol kwa munthu wamkulu ndi magalamu 4 patsiku, kutanthauza mibulu 8 ya 500 mg, ndipo okalamba ochepa thupi ayenera kumwa ocheperapo. Kupyola apo chiwindi chimawonongeka mwakachetechete. Ngati mayiwo amamwanso mankhwala a BP monga enalapril ndi HCTZ, kapena ma ARV okhala ndi tenofovir, impso ndizo zimayamba kulefuka.

Kusakaniza kwanzeru kuliko, ndipo ndi kuja kophatikiza mankhwala a ululu ndi oteteza mimba. Vimovo ndi naproxen 500 mg ndi esomeprazole 20 mg. Arthrotec ndi diclofenac ndi misoprostol, koma ameneyu ndi woopsa m'nyumba mokhala mayi woyembekezera chifukwa misoprostol amapititsa padera, ndipo ambiri amawatsegula m'mimba. Awiriwa ndi okwera mtengo ndipo amafuna kalata ya dokotala. Chimene amachita chingathekenso kwathu ndi mibulu iwiri yotchipa, ibuprofen pambuyo pa chakudya ndi omeprazole m'mawa, ngati adokotala aona kuti impso, mtima ndi BP zikulola. Omeprazole amateteza mimba yokha, impso saziteteza.

Abale athu ogwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain angachitire umboni kuti kumeneko sayambira pa mapiritsi. Malangizo a mu 2022 a NICE, bungwe lolangiza za chithandizo cha kuchipatala kumeneko, amaika patsogolo kulimbitsa minofu ya ntchafu, kuchepetsa thupi ngati lakula, ndi mankhwala opaka pabondo monga diclofenac wopaka, amene amalowa m'magazi pang'ono chabe. Akumwa amabwera pambuyo, pamlingo wochepa, kwa nthawi yochepa, limodzi ndi oteteza mimba. Codeine amangomulola mwa apo ndi apo zina zikakanika. Ndodo yoyendera, yogwiridwa kudzanja la mbali ya mwendo wabwino, imapepukitsa bondo popanda kukhudza impso.

Ndikanafunsidwa chotengera kwa anzathu, kwa a ku Tanzania ndi ku Zambia ndikanatenga sitolo yovomerezeka pa tauni iliyonse yaing'ono, kwa a ku South Africa ndikanatenga mafunso a pakauntala, codeine n'kuwasiyira. Inu amene mumatumiza katundu, tumizani mankhwala opaka ndi nsapato zofewa kupansi, kapena ndalama yoti amayi akayezetse impso ndi BP. Ngati mabokosi afika kale, aikidwe onse m'jumbo limodzi ndi buku la kuchipatala, adokotala akawerenge okha zimene zalembedwa kumbuyo. Ndipo amayi akaona chimbudzi chakuda ngati phula, akasanza zofanana ndi magazi, mapazi akatupa kapena mkodzo ukachepa, asiye mankhwala onse a ululu ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.