Chigwada cha ku Milange chandichititsa manyazi

Khirisimasi yapitayi ndinawoloka pa Muloza kukadyera kwa azakhali anga ku Milange, m'dziko la Mozambique. Ponyamuka ku Limbuli mtima unali pa mpunga ndi nkhuku, monga timachitira kwathu kuno. Nkhuku inalipodi, koma mbale imene inayamba kutha inali ya chigwada. Chigwada pa Khirisimasi, amayi anzanga! Kuno ku Mulanje mutangoyerekeza kupatsa alendo chigwada tsiku lachikondwerero, mudzi wonse udzamva kuti kwa auje zinthu zavuta.

Ku Milangeko chigwadachi amati matapa. Masamba ake ndi omwewa a chinangwa amene ali mbwee kuseri kwa nyumba zathu. Ndinakhala pambali pa moto kuonerera mmene azakhali amaphikira. Anathyola masamba anthete okhaokha, nkuwasinja mumtondo pamodzi ndi adyo mpaka kusalala. Kenako anawiritsa nthawi yaitali, kupitirira ola, osathira soda ngakhale pang'ono. Nditafunsa za soda anandiyang'ana nkunena kuti, "Mwana wanga, ukufuna kuthamangira kuti?" Masamba atapsa anathira nsinjiro, nkutsatiza mkaka wa kokonati umene anafinya ndi madzi ofunda atapala kokonatiyo. Moto anauchepetsa, kumangotakasa kuti zisapserere. Mchere ndi tsabola zinabwera kumapeto. Fungo lake linachititsa ana kusiya masewera panja.

Apa ndi pamene zimandipweteka. Ife chigwada timachiphika ngati tikuchilanga. Kuthira soda wambiri kuti chifewe msanga, phwetekere mmodzi, nsinjiro zoyeza ndi nsonga ya supuni, kenako nkumadandaula kuti ndi ndiwo za nthawi ya njala. Tsiku lachikondwerero timathamangira kabichi wokazinga m'mafuta ambirimbiri ngati ndiye ulemu. Chonsecho ambiri mwa ife kuno ndi Alomwe, agogo athu anachokera tsidya lomwelo, ndipo chinenero ndi maliro omwe timagawana. Ukadaulo wa mtondo uja tinausiya panjira pati?

Ndivomereze kuti anzathuwa kokonati sawasowa. Chigawo chawo cha Zambezia chimakafika kunyanja ku Quelimane kumene mitengo yake ili ponseponse, choncho amathira ngakhale mumpunga ndi munkhuku yowotcha. Ife kokonati timachita kumusaka pamsika ndipo mtengo wake si wa tsiku ndi tsiku. Koma mtedza tili nawo, adyo aliponso, mtondo uli pakhonde. Chimene tilibe ndi kudekha pa moto basi.

Musaganize kuti ndagulitsa dziko. Tiyi amene anandipatsa m'mawa mwake anali wopyapyala, ndinalakalaka wathu wa m'minda ya pansi pa phiri, wothira mkaka koma nkumaonekabe bii mochititsa kaso. Nandolo wamuwisi wa amayi anga, wophika ndi anyezi ndi phwetekere, sindinapeze womuposa kumeneko. Buledi wawo uja wolimba kunja ndi wabwino, izo sindikana.

Pobwerera ndinagula makokonati awiri ku Milange. Lamlungu lathali ndinasinja chigwada changa, soda ndinamubisa pamwamba pa kabati. Apongozi anga, amene samayamikira ndiwo zamasamba wamba, anapempha kuti ndiwapakulireko china choti akadye madzulo.