Mwamanga hita, nanga mpweya mwausiyira ndani?

Ndakhala ndikuugwira mtima, koma zimene ndaona Loweruka lapitali pamsewu wa ku Nyika zandikwana. Titadutsa geti la Thazima, tikukwera kulowera ku Chelinda, tinapeza Prado yakale ya injini ya 1KZ itaima pakati pa msewu, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo. Pambali pake mnyamata ali khale pansi, mkono utasupuka mpaka m'chigongono. Mwini galimoto akungozungulira, foni ili m'mwamba, kusaka netiweki. Nditafunsa, anandiyankha zomwe ndinkayembekezera. Dzulo lake galimotoyo inali pagalaja ina ku Mzuzu, kukaikitsa hita yatsopano poopa chisanu cha kumtunda. Amakaniko anamanga mapaipi, kuthira madzi mpaka pakamwa pa rediyeta, kutseka, kulandira ndalama, basi. Za mpweya wotsala m'mapaipi a madzi palibe anazikumbuka.

Kodi anyamata inu, ntchito imeneyi munaiphunzira kuti? Mabuleki mumadziwa kubulida, kutulutsamo mpweya, mpaka kumuuza mnzanu kuti "ponda, gwira, siya" dzuwa lonse. Dizilo ikatha mumadziwa kupopa pa filita mpaka thovu litatha. Nanga madzi a mu injini anakulakwirani chiyani? Mwadula mapaipi, mwakhuthula madzi, mwalowetsa hita youma kuseri kwa dashibodi, pamalo okwera pomwe mpweya umakonda kukhala, ndiye mukuganiza kuti utuluka wokha chifukwa chokuopani? Utulukira pati, poti mwatseka kale chivindikiro?

Musandiuze kuti simudziwa. Mukudziwa bwino lomwe kuti water pump imakankha madzi, siikankha mpweya. Aliyense amene anathirirapo dimba amadziwa kuti pampu ikayamwa mpweya imangolira, paipi ili gwa, osatulutsa ngakhale dontho. Mpweya umene mwausiyawo umakakhala pamwamba pa injini, mu hedi, pomwe pali moto weniweni. Pamenepo chitsulo chimapsa chouma. Hedi ya 1KZ ndi ya aluminiyamu, ndipo mbiri yake yong'aluka ikatenthedwa ndani saidziwa? Ya Land Rover 300Tdi ndi chimodzimodzi. Gasiketi imapsa, hedi imapindika, madzi amakumana ndi oyilo, ndipo mawa lake mumatiuza kuti injini zimenezi ndi zofooka. Zofooka ndi injini kapena ndi mitu yanu?

Enanu mumanyadira kuti "yanga ndi 1HZ, siifa." Inde, injini ya malita 4.2 imeneyo ndi yopirira, n'chifukwa chake ma Land Cruiser a zipatala ndi a mabungwe amafika nayo komwe ena safika. Koma anakuuzani ndani kuti imayenda popanda madzi? Ipserezeni kawiri katatu muone ngati singakusiyeni m'tchire.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti galimoto imayankhula, inu osamva. Mukaliza injini m'mawa mukumva madzi akuti kolokolokolo kuseri kwa dashibodi, inu mukuti ndi mmene hita yatsopano imachitira. Injini yatentha, hita ikuuzira mphepo yozizira, inu mukuti mwina inabwera yakufa. Muvi wa geji ya kutentha kwa injini ukukwera, kutsika, kukweranso, inu mukukweza wailesi. Kabotolo ka pambali kakusefukira, mukuti mnyamata anadzazitsa. Mukufuna chizindikiro chotani, galimoto ichite kukulemberani kalata? Ndipo geji mumaikhulupirirayo imanama. Kachipangizo kake kamayeza madzi. Kakazunguliridwa ndi mpweya, muvi ukhoza kukhala phee pakati, inu n'kumaimba mluzu, hedi ikupsa. Eni ma Defender akale akuuzeni: muvi umadzasuntha zinthu zitatha kale.

Inunso eni magalimoto musabise nkhope, theka la mlandu ndi lanu. Mumabwera pagalaja 2 koloko, mukufuna galimoto 4 koloko, chifukwa alendo akudikira. Mwaima pamsana pa makaniko, mukuyang'ana wotchi, mukuliza makiyi. Akakuuzani kuti bwana, igone pano, tiionenso m'mawa itazizira, mukuti akufuna kukuberani dizilo. Mtengo mwaukangana mpaka wafika pa theka, coolant, madzi a mankhwala oziziritsa injini, mwakana kugula ati ndi wodula, mwati athiremo a pamjigo. Madzi a pamjigo, ndi mchere wake uja, m'timapaipi ta hita topyapyala tija! Pakatha miyezi ingati tisanatsekeke ndi dzimbiri? Wina amasakaniza coolant wofiira ndi wobiriwira osawerenga n'komwe zolembedwa pachigubu. Wina paipi waimanga ndi malegeni, wina ndi waya, ati clamp ndi yodula. Kuthamanga sikufika, akuluakulu ananena kalekale, koma inu mumafuna mudzionere nokha pa Thazima.

Ndiye pali akatswiri athu ena amene ntchito yawo yoyamba pa galimoto iliyonse ndi kuzula thermostat, kachipangizo kotsekereza madzi mpaka injini itafunda, n'kutaya kudzala, ati dziko lathu ndi lotentha. Lero omwewo akuika hita, n'kumadabwa kuti siikufunditsa. Ifunditsa bwanji injini isakufika pa kutentha kwake? Dziko lotentha lake liti? Munagonapo ku Chelinda mu June kapena July, udzu utachita mbuu ndi chisanu m'mawa? Munayendapo pa Dedza kapena pa Chikangawa kuli chifunga, galasi litachita nkhungu mkati, mukupukuta ndi chipewa uku mukuyendetsa? Hita si chinthu cha manyado. Vuto ndi mmene mukuiikira.

Chivindikiro cha rediyeta nachonso mwachisandutsa chidole. Mphira wake unatha kalekale, ena mpaka kutsekapo ndi chiguduli. Nambala yalembedwa pamwamba pake ija, 0.9 kapena 1.1, mumayesa ndi mtengo? Chivindikiro chimenecho ndicho chimapanikiza madzi kuti asawire pa madigiri 100, apirire mpaka cha m'ma 120. Ku Nyika, pamtunda wa mamita oposa 2,000, madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri 93 kapena kucheperapo. Tsono inu mukukwera ndi giya yaing'ono, pang'onopang'ono, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa, rediyeta yodzaza matope ndi njere za udzu, katundu mpaka padenga, mpweya uli mu hedi. Mukuyembekezera chiyani? Pa Chiweta, pa Golomoti, pa Thabwa pochokera ku Chikwawa, pamakhota a Gorodi pokwera ku Livingstonia, ponseponse timakupezani mutayalula boneti, mutanyamula chigubu, mukufunsa kumene kuli mtsinje.

Ndibwerezenso zomwe mwana aliyense wa sipanala amayenera kuzidziwa chaka chake choyamba? Injini izizire kaye. Galimoto iime mphuno ili kumtunda, kaya pachulu kaya pa jeke, kuti pakamwa pa rediyeta pakhale pamwamba pa zonse. Hita muitsegule mpaka kumapeto kwa kotentha. Thirani pang'onopang'ono, osati kukhuthula chigubu chonse kamodzi, uku mukufinya mapaipi ndi dzanja. Ngati injini ili ndi potulutsira mpweya, tsegulani mpaka madzi atuluke osalavula thovu. Pa 300Tdi pali zotsekera ziwiri, china pamwamba pa rediyeta, china pa nyumba ya thermostat, ndipo pa Td5, injini inanso ya Land Rover, kasikuluwu kali pa paipi ya pamwamba. Anaziika kuti zikongoletse? Kenako lizani injini, idikireni ifunde mpaka thermostat itatseguka, madzi atsike, muwonjezere, mupondeko pang'ono kuti thovu lotsala lituluke. Gwirani mapaipi onse awiri a hita: limodzi likatentha lina lili zii, simunathe. Tsekani, kayendeni pang'ono, isiyeni igone, m'mawa muonenso mlingo wa madzi mu rediyeta ndi m'kabotolo. Chovuta n'chiyani pamenepa? Pakufunika digiri ya ku yunivesite? Chimene chikusowa ndi kudekha basi, ndipo n'chimene mulibe.

Magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ndi hita yachiwiri kumbuyo, pansi pa mpando, mapaipi ake ataliatali odutsa kunsi kwa galimoto. Angati mwa inu munawerama n'kuyang'ana? Mumabulida kutsogolo kokha, yakumbuyo ili chitsekere, mpweya uli phwii m'menemo kudikira tsiku la ulendo wautali.

Koma zonsezi ndi zitsulo, zimagulidwa. Khungu la mwana wa mwini mukaligula kuti? Injini ikawira, bwana amaima patali, n'kutuma mnyamata kuti "tatsegula tione." Mutsegule muone chiyani? Simukumva mmene ikubwatira? Madzi amenewo amatumpha kuposa mutu wa munthu, amasupula nkhope, amachititsa khungu. Bwanji osatsegula nokha ngati n'zosaopsa? Mnyamata wa tsiku lija tinamupeza atamupaka kale oyilo wa injini pabala, wina akufunafuna mankhwala otsukira mano. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo! Bala la moto limafuna madzi oyera ozizira, kuthira kwa mphindi 20, kuphimba ndi nsalu yoyera, n'kuthamangira kuchipatala. Iwo madzi oyera omwe anali nawo anali atawathira kale mu injini yamoto, kuimalizitsa kung'alula, munthu ali pansi akubuula. Chipatala chili kutali ku Rumphi, msewu wake mukuudziwa.

Ndipo coolant amene mumakhuthulira pansi pagalaja, n'kusiya chithaphwi chobiriwira pomwe ana akusewera, agalu ndi nkhuku zikudutsa? Mankhwala amenewo ndi otsekemera, ndipo amapha impso. Wina amausunga m'botolo la zakumwa, osalembapo kanthu, n'kuliika pawindo. Wina amauzira paipi ya hita ndi pakamwa, ati akuthamangitsa mpweya, n'kulavula, n'kuseka. Mukuseka chiyani? Mudzanena kuti wakulodzani ndani?

Ndikudziwa kuti ena muwerenga izi n'kunena kuti madala atha ntchito, magalimoto a masiku ano amadzibulida okha. Chabwino. Anu amene mukuyendetsawo ndi a masiku ano? Prado ya m'ma 1990, Hilux yoti inasintha eni kasanu, Defender yoti mapaipi ake ndi a galimoto zitatu zosiyana? Ngakhale atsopanowo, buku lake limanena mmene mungathirire madzi ndi kutulutsa mpweya, koma buku lake munayatsira mbaula.

Makaniko amene watulutsa galimoto pageti asanagwire mapaipi a hita kuti amve ngati onse atentha, abweze ndalama za eni ake. Mwini galimoto amene wakana kudikira usiku umodzi, asadzatiimitse pamsewu kupempha chingwe. Ndipo wotuma mwana wa mnzake kukatsegula rediyeta yowira, ameneyo ndilibe naye mawu abwino.

Lekani ulesi. Mukutichititsa manyazi.