Musamutame Somavía mlonda wanu asanalandire

Ndakwiya, ndipo sindibisa. M'mawa uno ndikutsegula Facebook ndapeza bwana wina wa muno mu Blantyre walemba chiyamikiro chachitali kwa Juan Somavía, kazembe wa ku Chile uja amene moyo wake wonse wauthera pa kumenyera anthu apantchito ndi anthu osauka. Chithunzi wayikapo, Chingerezi chake chosalala, m'munsimu anthu akungowomba m'manja. Bwana yemweyu, mlonda wa pageti la kampani yake walowa mwezi wachitatu asanaone malipiro. Sindikunena zakumva ayi, madalawo timakhala nawo mzere umodzi ku Ndirande.

Dzulo madzulo ndinakumana nawo akutsetsereka wapansi kupita kuntchito, chibonga m'khwapa, jekete yong'ambika pachigongono, jombo yakumanzere yomanga ndi waya. M'jumbo munali mbatata zophika, chakudya cha usiku wonse chimenecho. Ndinawafunsa kuti, "Madala, zasintha kodi kuja?" Iwo anapukusa mutu. "Ayi mwanangu, akuti tidikirebe, makasitomala sanalipire. Alandilodi ndiye azula chitseko dzana." Munthu wamkulu, wa imvi, akupita kukalondera katundu wa eni ake pamene nyumba yake wayisiya yatchingidwa ndi chiguduli, mkazi ndi adzukulu ali momwemo.

Ndiye inu bwana, mukamamutama Somavía mukutama chiyani? Mukumudziwa munthu amene dzina lake mwaliyika pakhoma lanulo? Ameneyu ndi loya amene analimbana ndi ulamuliro wa asilikali wa Pinochet kwawo ku Chile. Demokalase itabwerera mu 1990, anakhala kazembe wa dziko lake ku United Nations, ndipo ali kumeneko ndi iyeyu anakakamira kuti atsogoleri a dziko lapansi akhale pansi akambirane za umphawi ndi ulova, asamangokumana pa nkhani za nkhondo ndi ngongole. Msonkhano wa ku Copenhagen wa mu March 1995 unabadwa choncho, iye ndiye anatsogolera zokonzekera zake, ndipo atsogoleri a mayiko 117 anafika. Anagwirizana kuti umphawi uthe, aliyense wofuna ntchito aipeze, ndipo pasakhale munthu wotayidwa kunja kwa chitukuko. Wotayidwa kunja amene ankanenedwayo ndi madala aja ali pageti panu. Ndi iwowo. Palibenso wina.

Kumulemekeza munthu ameneyu ndi kulipira mlonda wanu. Basi. Lipirani kaye, mudzalembe pambuyo.

Kuyambira 1999 mpaka 2012 Somavía anali mkulu wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, ndipo anali munthu woyamba wochokera kumayiko osaukawa kukhala pampando umenewo. Zaka zonsezo nyimbo yake inali imodzi: ntchito yopatsa munthu ulemu. Kuti ntchito ipezeke, wogwirayo akhale ndi ufulu wake, akadwala kapena akakalamba akhale ndi pogwira, ndiponso azitha kukhala patebulo limodzi ndi bwana wake ndi boma nkukambirana. Tsono tayesani zimenezi pa kampani yanu. Mlonda wanu ali ndi kalata ya ntchito? Ovataimu munamupatsapo? Atathyoledwa mwendo ndi mbava usiku uno, mungamulipirire chipatala, kapena mawa lomwelo mudzakhala mwalemba kale wina? Antchito anu atati ayambitse yuniyoni, angaone kutha kwa mwezi ali pantchito? Mayankho mukuwadziwa nokha, nchifukwa chake ndikuti chotsani positi ija. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa mundiuza kuti zinthu zavuta, kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja kulibe, mafuta ndi mizere. Zonsezo mlonda wanu zamugwera kuposa inu.

Chimene chikundiwawa kwambiri nchakuti malamulo alipo. Sitikupempha chifundo cha munthu. Malawi ndi membala wa ILO, ndipo zambiri zimene Somavía ankalalikira zinalowa kale m'malamulo athu. Lamulo la ubale wa pantchito la 1996 limapatsa wantchito ufulu wolowa yuniyoni ndipo ndi lomwe linabweretsa khothi loweruza milandu ya pantchito. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito pa sabata ndi 48, opyola apo ndi ovataimu yolipidwa. Limati mayi akabereka apume masabata 8 akulandira malipiro ake onse. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti wa m'minda ya fodya, uja wogwiritsa banja lonse chaka chathunthu nkudzalipatsa zotsala bwana atadula ngongole ya chimanga ndi feteleza. Zonsezi nzolembedwa. Koma imani pa Makata kapena ku Chirimba m'mamawa kusanache, muone chigulu cha anthu chikutsika wapansi kuchokera ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chemusa, chifukwa ya minibasi ikachoka pa malipiro awo ufa sugulika. Afunseni kuti ndi angati ali ndi kalata ya ntchito. Ambiri akuuzani kuti ndi aganyu, chonsecho agwira pa makina omwewo zaka ndi zaka. Amawachotsa dala ikatha miyezi ingapo nkuwalembanso, kuti asadzawerengedwe ngati antchito okhazikika. Amene amachita zimenezi pa 1 May ndi omwe amakhala kutsogolo, atavala malaya a gofu olembedwa mawu okoma, maikolofoni ali m'manja.

Musamatame munthu ndi pakamwa kwinaku manja anu akugwetsa zimene iye anamanga. Kumeneko nkumunyoza. Kuli bwino mukanangokhala chete, dzina lake osalitchula, tikanadziwa kuti ndinu bwana wouma mtima ngati ena onse. Koma kutenga dzina la munthu amene anakalamba akumenyera alonda ndi antchito a m'mafakitale, nkulivala kuti anzanu akuoneni ngati munthu wa chilungamo, pamene wantchito wanu akukongola katapila kuti agule mankhwala a mdzukulu, chimenecho ndi chipongwe. Mukunyoza Somavía, mukunyoza madala aja, mukutinyozanso ife amene tikuwerenga.

Ndipo mzinda uno usaiwale mbiri yake. Mu May 1992 anali antchito a pa David Whitehead muno mu Blantyre amene ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, nthawi imene kutsegula pakamwa kunali kuika moyo pachiswe. Sitalaka ija inafalikira mzinda wonse, apolisi anawombera, anthu anafa m'misewu yomwe tikuyendamoyi. Chaka chotsatira kunali riferendamu, mu 1994 chisankho. Ufulu umene bwanayu akulembera nawo pa Facebook lero, mbali ina anaugula ndi magazi ndi anthu ovala maovolosi. Tilinso ndi wathuwathu, Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa yuniyoni ya ICU ku Cape Town nkugwedeza South Africa yense. Ana athu angati amalidziwa dzina limeneli? Agogo athu analima thangata, ena anakathera mapapo awo m'migodi ya ku Joni pansi pa Wenela. Fuko limene linadutsa m'zimenezi siliyenera kuphunzitsidwa ndi munthu wa ku Chile kuti wogwira ntchito amalipidwa mwezi ukatha. Komabe Somavía anayankhula, mayiko anasayina, ifenso tinasayina. Chatsala nchiyani? Kulipira. Lipirani anthu.

Wina andiuza kuti, nanga madalawo bwanji osapita ku leba. Apite ndi chiyani? Tsiku limene akakhale pabenchi kudikira, ndani awalembere kuti anabwera kuntchito? Bwana akangomva kuti mwakamusumira, mawa mupeza wina wavala yunifomu yanu, ndipo ndalama za miyezi itatu zija mudzazilondola mpaka jombo inayo nayonso idzafune waya. Anthu amapirira chifukwa kumbuyo kwawo kuli mzere wa anyamata a satifiketi ya Fomu 4 amene akudikira ntchito yomweyo. Mabwana akudziwa zimenezi, ndipo ndi pomwe amaponda. Nchifukwa chake Somavía ankalimbikira kuti wantchito asamayime yekha pamaso pa bwana. Mutu umodzi susenza denga. Koma a mayuniyoni athu nawonso, a MCTU ndi ena, tikufuna tizikuonani pamageti a makampani usiku, kumene kuli alonda, kusiyana nkumangokumvani pa wailesi tsiku la antchito.

Ndisanaiwale, nanunso amene mukuwerenga muli kuvomereza ndi mutu, musadzione ngati oyera. M'nyumba zathu zomwezi, ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ku Chilomoni, ngakhale kwathu ku Ndirande konkuno, muli atsikana amene tinakawatenga kumudzi ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, tikulonjeza makolo awo kuti tikawaphunzitsa. Kamwana ka zaka 12, kamadzuka tambala asanalire, kukoleza mbaula, kusesa, kusambitsa ana athu, kuwaperekeza kusukulu kumene iko sikalowa, chonsecho pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994. Kamadya pomaliza, kamagona pakhitchini. Kakaswa mbale timadula pa malipiro, malipiro akewo ngati alipo nkomwe, chifukwa ena timangoti ndalama tikukusungira, Khirisimasi ikafika nkukapatsa chitenje ndi zovala zimene ana athu zawathina. Pangano la ILO loletsa ntchito zozunza ana, nambala 182, linavomerezedwa mu 1999, chaka chomwe Somavía anayamba udindo wake, ndipo Malawi inasayina chaka chomwecho. Pangano la antchito a m'nyumba, nambala 189, linadza mu 2011 iye akadali pampando, ndipo limati wantchito wa m'nyumba ndi wantchito ngati wina aliyense, ali ndi maola ake, tsiku lake lopuma pa sabata, malipiro ake. Inu wanu anapuma liti? Lamlungu lapitali mukupita kutchalitchi mutatchena, anatsala akuchapa ndani?