Trent Williams ndalamazo akuzigwirira ntchito

Akulu, mwalemba kuti San Francisco 49ers, timu ya mpira wa ku America (American football), inataya ndalama pomupatsa Trent Williams kontirakiti ya zaka 6 ya madola 138 miliyoni mu 2021, poti anali kale ndi zaka 32. Apo ine ndakana. Williams ndi left tackle, wosewera wotchinga adani kumanzere kwa mzere wakutsogolo. Left tackle sagoletsa, ndiye mukamangowerenga ma touchdown (zigoli) simungamuone. Muzimuyang'ana mapazi: mdani akamathamangira quarterback (woponya mpira) chakumsana, mkuluyu amangosuntha pang'ono, manja pachifuwa, njira yatsekeka basi.

Mu 2023 atavulala akakolo posewera ndi Cleveland, sanasewere ndi Minnesota komanso Cincinnati, ndipo timu inagonja konseko. Inde, Deebo Samuel, wolandira mipira, nayenso panalibe, koma quarterback Brock Purdy ankachita kuonekeratu kuti alibe mtendere. Chondidetsa nkhawa ine n'kuvulalavulala kwa Williams, thupi layamba kutopa.